Mwana Wina wa Bambo Athu

Uthenga wa imfa ya bambo unatipeza mochedwa, ataikidwa kale. Anaimba foni ndi mayi amene sitinkawadziwa, ndipo anaimbira achimwene anga kushopu kwawo kometera tsitsi. Achimwene akuti anamvetsera mpaka pamapeto, anathokoza, kenako anamaliza kumeta munthu amene anali pampando. Madzulo ake anabwera kwathu n'kundipeza ndikusoka makatani a anthu.

"Phwiti, mdala uja wapita," anatero.

Dzina la Phwiti anandipatsa ndi iwowo ndili mwana chifukwa cha kuchepa thupi, ndipo mpaka lero salisiya ngakhale ndili ndi ana angaanga.

Sindinalire. Bambo anachoka pakhomo ine ndisanayambe sukulu. Tinkangomva mphekesera kuti ali kumapiri, amayendetsa alendo pagalimoto m'nkhalango zotetezedwa za kumeneko, ndiponso kuti anakwatira. Sanabwereko ngakhale pamaliro a mayi athu. Komabe achimwene anati tipite tikaone manda, nkhani ithe. Ine ndinavomera chabe chifukwa sindinkafuna kuti apite okha.

Basi inakwera phiri tsiku lonse, ikulira ngati ikudandaula. Inali nyengo imene mitengo imataya masamba. Kumunsi kumene timakhala ife masamba amangouma n'kuyoyoka popanda wowacheukira, koma kumtundako phiri lonse linali litafiira, pena chikasu, ngati moto wopanda utsi. Anthu m'basimo ankajambula pawindo. Ine ndinkangomva kuzizira kukulowera kumapazi, chifukwa ndinali nditavala ngati ndikupita kumsika.

Tauni yake ndi ya msewu umodzi wotsetsereka. Mbali zonse kuli timashopu togulitsa ndodo zoyendera, nsapato zokwerera mapiri ndi zipewa zaubweya. Masamba anali atadzaza m'ngalande, ndipo aliyense anali ndi tsache pakhomo pake, kusesa zinthu zimene mphepo inkabweza nthawi yomweyo.

Kunyumba yogona alendo tinapeza mayi wonenepa, wansangala, amene anayamba kucheza ndi achimwene ngati anadziwana kalekale. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi chikwama. Atapatuka achimwene, mayi uja anandiona, ndipo makiyi amene anali m'manja mwake anagwa pansi.

"Pepani," anatero akuwerama. "Pepani ndithu. Ndimayesa munthu wina."

Pomwera tiyi zinachitikanso. Bambo wina anasiya kutafuna buledi n'kumangondiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Tikutuluka, mtsikana wogulitsa zipewa anaitana mnzake ndi chigongono, onse n'kumandiyang'ana mpaka titadutsa.

"Iwe, unabako mbuzi ya munthu kuno?" achimwene anandinong'oneza. "Ulula msanga, ine ndithawe ndekha."

"Mwina sanaonepo munthu wamfupi."

Tinaseka, koma kuseka kwanga kunali kwa pakamwa pokha.

M'mawa mwake tinakwera msewu uja mpaka pamene umathera. Nyumba ya bambo inali yomalizira, moyang'anana ndi chipata cha nkhalango. Inali yaing'ono, yamiyala, ndipo pambali pake panali galimoto yakale yaitali, ya mipando yambiri, denga lake litakwiririka ndi masamba. Achimwene anagogoda.

Anatsegula ndi mayi wochepa thupi, waimvi, atavala juzi ya mwamuna. Anapereka moni kwa achimwene ndi manja awiri. Kenako maso awo anafika pa ine. Sanakuwe ayi. Anagwira chitseko n'kutsetsereka nacho pang'onopang'ono, mpaka anakhala pansi pakhomo pomwepo.

"Mwananga," anatero motsitsa mawu. "Mwananga iwe."

Tinawadzutsa n'kuwakhazika pampando. Anapempha madzi, anamwa, kenako anapukuta kumaso ndi mkono wa juzi.

"Mundikhululukire. Ndikudziwa kuti ndinu ndani. Ndinaimba foni ija ndine. Koma bambo anu sanandiuze kuti zili chonchi."

Anatilozera kukhoma. Pamwamba pa wailesi panali chithunzi cha mtsikana ataima pamwala, kumbuyo kwake kuli mathithi. Ndinayandikira. Mphumi inali yanga, mpata wa pakati pa mano unali wanga, ngakhale kapendekedwe ka mutu, kamene mwamuna wanga amandiseka nako pazithunzi. Ndinkadziona nditaima pamalo amene sindinapondepo chibadwire.

"Ndi mng'ono wanu," anatero mayi aja. "Mwana wanga mmodzi yekhayo."

Anatifotokozera modekha, ngati nkhani imene aikamba kambirimbiri. Mtsikanayo ankagwira ntchito ndi bambo. Bambo ankafikitsa alendo pamene msewu wa m'nkhalango umathera, ndipo iye ankatsika nawo wapansi kukaona mathithi. Tsiku lina, nyengo ngati yomweyi, akubwerera, mlendo wina anakumbukira kuti wasiya kamera pampando wamatabwa umene uli panjira. Mtsikanayo anawauza kuti azikwera, iye akatenge. Sipanali patali. Alendo anafika pagalimoto, ndipo chifunga chinatsika. Bambo anadikira, analiza hutala ya galimoto, anatsika okha akuitana. Kamera anaipeza ili pampando pomwepo. Alonda a nkhalango anasaka ndi agalu mpaka chisanu chinawaletsa, ndipo sanapeze ngakhale nsapato.

"Papita zaka zambiri," anatero. "Koma bambo anu m'mawa uliwonse ankapita pamalopo kukaliza hutala, alendo alipo kapena palibe. Anasiya pamene miyendo inakana."

Achimwene anali atawerama, akuyang'ana zala zawo. Ine funso linangotuluka lokha.

"Nanga ife ankatitchulako?"

Mayi aja sanandinamize, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza.

"Poyamba ankakutchulani apo ndi apo. Mwana atasowa anasiya. Ine ndinkawauza kuti, bambo, muli ndi ana ena amoyo, pitani mukawaone. Ankandiyankha kuti, ndikachoka, iyeyu akabwera apeza ndani?"

Anatiperekeza kumanda, kuseri kwa tauni. Dothi linali lisanaphwe, ndipo masamba anali atagwerapo kale. Achimwene anavula chipewa n'kunena mawu ochepa. Ine ndinaima chapatali, mano akugundana ndi kuzizira. Ndinkaganiza za khomo lathu lakale, limene silinasunthe zaka zonsezo, limene basi iliyonse yotsika phiri ikanawafikitsapo. Wosowayo ankamufuna tsiku ndi tsiku. Ife amene ankadziwa pamene tili sanatifune ngakhale kamodzi.

Titabwerera kunyumba, mayi aja analowa kuchipinda n'kutuluka ndi jekete yachikasu.

"Mukunjenjemera. Valani iyi. Mng'ono wanu anali nazo ziwiri zofanana, inayo anapita nayo."

Ndinafuna kukana, koma kuzizira kunali kutandifika m'mafupa. Inandikwana ngati anachita kundiyeza. Iwo anandikonza kolala, manja awo n'kuchedwa pamapewa anga.

"Ndili ndi pempho," anatero. "Mukakana sindidandaula. Chisowereni mwana, ine sindinalowepo pachipata icho. Ndimangochiyang'ana pawindo. Ndikufuna mawa mundiperekeze kumene kumathera msewu. Inu mukatsike mpaka pampando paja, kenako mukabwerere. Ine ndikangoima pamwamba. Ndikufuna ndione munthu akutuluka m'njira imeneyo."

Ndinawauza kuti ndiganizira.

Masana achimwene anandikokera kunkhalango ina, ya tsidya lina la tauni, kumene kuli timadziwe ndi njira zamatabwa. Anati sitingakwere phiri lonseli n'kubwerera titangoona manda. Kumeneko kunali alendo ambiri ochokera kutali, ndipo palibe amene anandiyang'ana kawiri. Madzi anali bata, mitengo yofiira ikuoneka mozondoka m'kati mwake. Tinakhala pamwala n'kumadya malalanje.

"Usachite zimenezo, Phwiti," anatero achimwene. "Mayiwa ndi abwino, koma iwe si chidole. Tawaona manda, tiye tizipita."

"Mukuopa?"

"Ine ndimameta anthu oledzera ndi lezala, ndingaope chiyani? Kungoti sizikundisangalatsa. Wavala kale jekete yake. Mawa uyenda njira yake. Mkuja?"

Chifundo ndinali nacho ndithu, koma panalinso china. Ndinkafuna kuona malo amene anawagwira bambo zaka zonsezo, ndidziwe kuti anali ndi chiyani choposa ife.

M'mawa mwake achimwene anasesa masamba padenga la galimoto ya bambo, ndipo itakana kangapo inalira. Pachipata mlonda wa nkhalango, bambo wamtali wa ndevu zotuwa, anasuzumira pawindo. Anaona mayi aja, anaona ine ndi jekete, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mayi atamufotokozera, anakanda m'mutu.

"Ndikwera nawo," anatero. "Kunja kwayera, koma phiri ili silichenjeza."

Msewu unali wafumbi, wokhotakhota pakati pa mitengo italiitali. Masamba ankagwera pagalasi ngati mvula. Mayi aja anakhala kutsogolo, manja ali pamaondo, osacheuka uku kapena uku. Pamene msewu umathera panali bwalo laling'ono lotembenukira galimoto, ndi chikwangwani choloza kumathithi. Njira yapansi inkayambira pakati pa miyala iwiri n'kutsetserekera m'mitengo.

Mlonda anafuna kutsika nane, koma mayi anamugwira mkono.

"Akhale yekha, chonde. Akabwere yekha."

Mlonda anayang'ana kumwamba, kenako kwa ine. "Mpando uli pafupi. Mukaugwira, tembenukani. Musapatuke ngakhale mutaona chiyani. Kumanzere kuli phompho."

Ndinatsika. Masamba anali ofika m'akakolo, ndipo phazi lililonse linkachita phokoso ngati ndikung'amba pepala. Nditakhota kawiri, mawu a achimwene anazimiririka. Kunali fungo la dothi lonyowa ndi mitengo yowola. Chapansipansi mathithi ankamveka ngati anthu ambiri akulankhula m'chipinda chotseka. Mpando ndinaupeza, wakuda ndi chinyezi, thabwa limodzi litathyoka. Ndinaugwira monga anandiuzira. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe chodabwitsa chilichonse, mitengo basi, ndipo ndinamva mkwiyo kuti kamalo kopanda pake ngati aka ndi kamene kanatilanda bambo.

Nditatembenuka, njira panalibe. Chifunga chinali chitabwera mwakachetechete kuchokera kumtunda, choyera ngati nsalu, ndipo ndinkangoona mitengo iwiri itatu yoyandikana nane. Pansi ponse panali masamba ofanana. Ndinayenda pang'ono kumene ndinkaganiza kuti ndinachokera, ndinakumana ndi mwala umene sindinaudutse pobwera, ndinabwerera, ndipo mpando sindinauonenso.

Ndinaima. Nditaima, masamba anapitiriza kulira kumbuyo kwanga, kamodzi kapena kawiri, ngati munthu amene wachedwa kuima. Ndinacheuka. Panalibe munthu.

Ndipamene hutala inalira. Inalira motalika, n'kusiya, n'kuliranso, moleza mtima, ngati munthu amene wazolowera kudikira. Koma sinkachokera kumtunda kumene tinasiya galimoto. Inkachokera kumunsi, chakumanzere, ndipo inkamveka pafupi kwambiri. Sindingathe kufotokoza bwino zimene ndinamva mumtima. Mantha anachoka. Ndinamva ngati mwana amene waitanidwa kuti alowe m'nyumba kunja kukuda. Moyo wanga wonse palibe tsiku limene bambo anandiitana, ndipo apa ankaitana, osatopa. Miyendo inayamba yokha kutsetsereka. Dothi linayamba kufewa, masamba akuterereka pansi pa nsapato, ndipo mphepo yozizira inkandiomba kumaso kuchokera pansi.

"Phwiti! Iwe Phwiti!"

Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga, kumtunda, osasa ndiponso okwiya, ngati mmene ankandikalipira ndikasewera pamsewu tili ana.

"Phwiti, ukandiyankha mochedwa ndikumeta mpala!"

Ndinagwira kamtengo kamene kanali pafupi n'kukhala pansi. Kutsogolo kwa mapazi anga masamba ankagwa okha n'kusowa m'chifunga, osamveka pofikira. Ndinakuwa kuti ndili kuno. Achimwene anapitiriza kuitana, akutukwana nkhalango, phiri ndi tsiku limene tinakwera basi, ndipo ine ndinakwawa ndi manja ndi maondo kulondola mawuwo mpaka dzanja langa linagunda mwendo wa mpando uja. Mlonda anandipeza pomwepo. Anandiimiritsa, anandiika panjira, ndipo anayenda pambuyo panga atagwira jekete kumsana. Titayandikira miyala iwiri ija anandisiya.

"Pitani," anatero. "Akudikira."

Ndinatuluka m'chifunga ndekha, matope ali m'maondo, masamba ali m'tsitsi. Mayi aja anali ataima pamene ndinawasiya. Anandiyang'ana ndikubwera, phazi ndi phazi, osaphethira. Nditafika anandikumbatira mwamphamvu moti sindinkayembekezera kwa munthu wochepa choncho, ndipo analira kulira kwenikweni, kokweza, kumene ndikuganiza kuti anakusunga zaka zonse zija. Ankanena zinthu m'khutu mwanga zimene sizinali zanga: kuti wachedwa bwanji, kuti bambo ako atopa, kuti wazizidwa. Ndinawasiya anene. Kenako nanenso ndinalira, koyamba chimvereni za imfa ija.

Patapita nthawi anandimasula n'kundiyang'ana bwinobwino.

"Ayi," anatero akupukuta mphuno. "Iye akanabwera akuseka, akundinena kuti ndine wamantha. Zikomo, mwana wa mwamuna wanga. Mundikhululukire, ndakuikani pangozi."

M'galimoto ndinafunsa amene analiza hutala.

"Ndine," anatero achimwene. "Chifunga chitangotsika. Kamodzi kokha, kenako ndinaona kuti bola kukuwa."

"Ine ndinaimva kambirimbiri. Ndipo inkachokera kumunsi."

Mlonda anati m'chigwamo mawu amagunda miyala n'kubwerera, moti munthu ukhoza kulumbira kuti akuchokera kwina. Anati mwina n'zimene zinachitikanso tsiku lija, ndipo atangotero anatseka pakamwa, chifukwa tonse tinamva chimene mawuwo ankatanthauza: mwina hutala ya bambo ndi imene inamukokera mwana wawo kuphompho. Ndinayang'ana mayi aja. Ankayang'ana kutsogolo.

"Bambo anu ankadziwa," anatero patapita kanthawi. "Alonda anawauza chaka choyamba chomwe. Sanagonenso tulo tabwino. Koma m'mawa ankapitabe, chifukwa ankati palibe china chimene angachite."



Tinanyamuka tsiku lotsatira. Jekete ndinaichapa m'beseni la kunyumba ya alendo n'kukaibweza isanaumitsitse. Mayi aja sanandikakamize kuti ndiitenge. Anatiperekeza pokwerera basi, anapatsa achimwene malezala akale a bambo, ndipo ine anandipempha nambala ya foni.

Basi ikutsika, achimwene anangoyang'ana pawindo mtunda wautali, zimene si khalidwe lawo. Nditawagwedeza, anayankha osandiyang'ana.

"Pamene umatuluka paja, ndinakuitana. Unadutsa pafupi nane ngati apa, osacheuka. Ndinkayang'ana nkhope yako, koma mtima unkandiuza kuti uyu si mlongo wanga."

"Ndinali nditatopa, achimwene."

"Eya," anatero. "Unali utatopa."

Kumapiri kuja sindinabwerereko. Galimoto ija mayi aja anaipereka kwa mlonda wa ndevu uja, ndipo iwo anasamukira kwa mchemwali wawo, kumunsi kwa tauni, kumene chipata sichioneka. Amandiimbira foni nthawi ndi nthawi, kawirikawiri masana ndili pamakina. Safunsa zambiri. Tikapatsana moni amati, "Tangoyankhulani, ine ndikumvetsera." Ndiye ndimapanikiza foni ndi phewa n'kumawauza za kasitomala amene wasintha maganizo nsalu nditadula kale, za mwana wanga wamkulu amene wayamba kuyankha mwano, za mvula imene yatidontheza padenga. Iwo amangopuma kumbali inayo. Sindidziwa kuti amakhala akumvetsera ndani, ndipo sindinawafunsepo.